Denga Limene Usto Shodmon Sankapala

Apongozi anga a Shodmon ankadziwa denga lililonse la m'mudzi mwathu ndi mapazi, osati ndi maso. Mwezi wa Seputembala ukamapita kumapeto, zipatso zomaliza za maapulikoti zitachotsedwa padzuwa, iwo ankavula nsapato zawo za mphira patsinde pa makwerero, kupinda buluku mpaka m'mawondo, n'kukwera. Ankayenda pang'onopang'ono kuchoka ngodya ina kukafika ina, atawerama ngati munthu wofunafuna singano. Mwininyumba ankadikira pansi, khosi lili m'mwamba, osayerekeza n'komwe kutsokomola. Ukaona aima penapake n'kudinda chidendene kawiri, basi, udziwiretu kuti pamenepo mu Febuluwale udzatcherapo beseni.

Anthu onse ankawaitana kuti Usto, mmisiri, ngakhale ana awo omwe. Sanali munthu wa thupi ayi. Anali wamfupi, wouma ngati chikuni, tindevu tochepa, koma mapazi awo abale inu, otambalala, ong'aluka m'zidendene, oti minga ikawaona imapatuka yokha. Ntchito yawo inali imodzi moyo wonse, kumata madenga chisanu chisanafike. Madenga athu kumtunda kuno kwa mtsinje wa Zarafshon ndi athyathyathya: mitanda ya mtengo wa popula pansi, kenako timitengo ndi bango, pamwamba dothi. Chaka chilichonse umawonjezapo muyalo watsopano, kuchindikala kwake zala ziwiri, dothi loponda bwino ndi mapesi a tirigu odulidwa. A Usto ankathiramo mchere, manja atatu pa wilibala, kuti udzu usamere ndi kuti dothilo lisang'aluke. Akamaliza kusalaza, denga linkawala ngati mphika watsopano.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo, ndipo atabwerako ku usilikali anakana kuyendetsa thalakitala ya pafamu ya boma, ati chitsulo sichiyankha ukachiponda. Anthu ankawathokoza ndi chimene ali nacho, wina tirigu, wina mwendo wa nkhosa, wina madalitso okha basi, ndipo iwo sankasiyanitsa kamatidwe. Chisanu chikafika ankakhala m'nyumba kusema mafosholo a thabwa ndi kudzola mafuta a nkhosa m'zidendene. Koma kukangofunda pang'ono madzi n'kuyamba kuyenda, ankazungulira mudzi wonse manja kumbuyo, kusuzumira m'makomo kuti aone amene watulutsa beseni. Likakhala denga limene anamata iwo, tsiku limenelo sankadya bwino.

Malamulo anali nawo ambiri, ndipo ankawagawa ulere kwa wofuna ndi wosafuna yemwe. Chipale chofewa chikagwa, uchichotse padenga dzuwa lisanachikhudze, chifukwa chikangoyamba kusungunuka ndiye kuti madzi alowa kale. Fosholo ikhale ya thabwa. Wokwera ndi yachitsulo ankamutcha chigawenga. Uyambire pakati kupita m'mbali, ndipo usatayire kukhoma la mnzako ngati ukufuna kudzaitanidwa paukwati wa mwana wake. Koma lamulo lalikulu kuposa onse linali lopala. Ukamata zaka zisanu ndi ziwiri, chachisanu ndi chitatu upale dothi lonse mpaka pabango, uyambirenso. Dothi limachuluka chaka ndi chaka, ankatero, koma mtanda sunenepa. Ntchito yopalayi anthu ankadana nayo, ndi yowawa, fumbi lake limakhala m'mphuno sabata yathunthu, ndiye ankazemba. A Usto ankawayalutsa pachipata cha mzikiti, mayina ndi zaka zomwe, n'kumalizira ndi zengerezu analinda kwawukwawu. Mkulu wa famu ya boma anawaitanapo kuti akamate denga lake. A Usto anakwera, anayenda kamodzi, anatsika n'kuvala nsapato. Ati denga limeneli silikufuna mmisiri, likufuna wolipepesa.

Ine ndinabwera m'banja limeneli ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuchokera ku tauni ya Panjakent, kumene ndinakulira pansi pa malata. Dzina langa ndi Nazokat, koma apongozi sankalitchula. Ankangoti kelin, monga amaitanira mtengwa aliyense, ndipo akafuna kundiseka ankati mwana wa pansi pa malata. Apongozi aakazi, a Rajabmo, sindinawapeze. Anali atamwalira zaka zisanu ndi zitatu ndisanabwere. Tsiku lachitatu lokha ndili pakhomopo ndinanyamula lichero la tsabola kuti ndikayanike padenga, monga ankachitira akazi onse. Ndili pakati pa makwerero ndinamva mawu kumbuyo, akuti padenga pano sipakwera munthu. Sanakalipe ayi, anangonena. Ndinatsika nkhope itatentha. Zaka khumi ndi chimodzi ndinayanika tsabola wanga pansi pabwalo, kulimbana ndi nkhuku, anzanga akucheza m'mwamba. Ndinkati akundinyoza chifukwa ndine wa m'tauni, ndipo zinkandiwawa, ndisakunamizeni.

Komabe nyengo imeneyo ndinkaikonda, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la dothi lonyowa ndi mapesi mtima umabwerera kumeneko. Mudzi wonse unkakhala ngati wasamukira m'mwamba. Uku akugubuduza mwala wosalazira, uku akuyanika maapozi odula, uku akazi akupuntha zofunda za thonje ndi ndodo, fumbi lili koboo, nkhani zikuwoloka kuchoka denga ili kupita lija popanda wotsika. Ine wapansi ndinali ndi zanga. Ndinkaphika phala la ufa wa tirigu lomatira timapepala m'mphepete mwa mawindo, nditayamba ndalowetsa thonje m'ming'alu ndi mpeni. Ndinkasanja ndowe zouma kukhoma loyang'ana dzuwa, kukwirira mbatata ya kachewere m'dzenje, kukoka nthambi yaminga pachingwe m'mapaipi a mbaula mpaka mwaye wonse utatuluka, ine ndomwe nditada bii. Pomaliza tinkasamukira tonse m'chipinda chimodzi cha chisanu, chaching'ono, chapakati, n'kukonza sandali: katebulo kakafupi pamwamba pa dzenje la makala, chofunda chachikulu pamwamba pake, banja lonse miyendo mkati. Makalawo a Usto ankawayang'ana okha. Ngati sanavale phulusa loyera salowa m'nyumba, mpweya wake umagoneka anthu tulo tosadzuka.

Chaka chimene ndikunenachi mwamuna wanga Hikmat anali ku Russia, chaka chachitatu, kumanga nyumba za eni. Pakhomo tinali ine, ana anga awiri, ndi a Usto. M'mawa wina ndikukanda ufa wa mkate m'chipinda cha chisanu chija, ndinaona tidothi tikugwera m'beseni. Ndinatichotsa, tinagwanso. Nditakweza maso ndinaona mtanda wapakati, umene umadutsa pamwamba penipeni pa sandali, uli ndi mng'alu. Ndinakwera pampando ndi mpeni. Nsonga yonse inalowa. Pansi pa mtanda umenewo ndi pamene ana anga ankagona miyezi isanu ya chisanu, ndipo chipale cha tsiku limodzi kwathu kuno chimatha kufika m'chiuno. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chathu chinali chitayamba kuimba.

Ndinawauza a Usto nthawi ya tiyi, mwaulemu, maso pansi. Sanayang'ane n'komwe m'mwamba. Anati mtanda umenewo anauika okha, ndi wolimba, popula ndi mmene amachitira akamakalamba. Ndinafunsa kuti kodi denga lathu linapalidwa liti, popeza chibwerereni ine sindinaonepo. Anaika kapu pansi.

"Chaka chamawa, kelin."

Ndinatenga khala n'kulemba pamene mng'alu unkathera. Patapita sabata unali utadutsa chizindikirocho ndi zala zitatu. Ine mtima wanga sudziwa kudikira, amayi anga ankati ndinabadwa nditakwiya kale. Tsiku limene a Usto anawoloka mtsinje kukamata denga la munthu wina kutsidya, ndinatenga chitsulo chotokosera moto n'kukwera makwerero aja kwa nthawi yoyamba. Ndinachikhoma ndi mwala pakati pa denga. Chinalowa, chinalowa, ndipo nditachizula n'kuyeza ndi dzanja zinachoka kunsonga ya chala kufika pachigongono, n'kupitirirako. Denga labwino silipitirira chikhatho chotambasula. Ha! Munthu amene ankayalutsa mudzi wonse anali atatisenzetsa munda pamutu.

Ndili mkati motseka kabowo kaja ndinamva wina akunditsonya. Anali a Gulandom, mayi wachikulire amene denga lawo limagundana ndi lathu, akutola mabulosi ouma pansalu. Anandiuza kuti nditsike msanga mwiniwake asanandione. Ndinati sinditsika, andipeze pomwepa, ndiwafunse pamaso pa mudzi wonse. Iwo anadumpha kakhoma kolekanitsa madenga, anandikoka dzanja kundikhazika pansi, n'kundiuza kuti nditseke pakamwa kamodzi kokha pamoyo wanga.

A Gulandom anali mnzawo wa a Rajabmo kuyambira ali atsikana. Anandiuza kuti chaka chomaliza cha a Rajabmo, a Usto anali atapala denga lonse, kuika dothi latsopano, n'kulisalaza tsiku lathunthu osadya. Masana mkazi wawo anawamvera chisoni, anakwera ndi tiyi, ndipo m'malo moyenda pathabwa limene linayalidwa, anangodutsa padothi lonyowa, wopanda nsapato, kuchoka pa makwerero kukafika pachumuni pamene mwamuna wawo anagwada. A Usto anakalipa mudzi wonse unamva, mpaka agalu a kutsidya anayankha. Koma a Rajabmo sanali munthu woopa mwamuna. Anaika ketulo pansi n'kunena kuti kuyambira lero tiyi wanu azikwera yekha makwerero, n'kubwerera cha m'mphepete mwa khoma akuseka. Kunali mphepo tsiku limenelo, dothi linagwira msanga. A Usto anangodzaza mapazi aja ndi phulusa n'kupakapo kadothi pamwamba kuti chisanu chidutse, ati adzakonza bwino kukafunda. Mu Januwale a Rajabmo anadwala chibayo, msewu utatsekeka, ndipo Febuluwale sanamuone.

"Mapaziwo alipo pansi pakopo," anatero a Gulandom. "Phulusa silimatana ndi dothi. Iye akudziwa kuti alipo, ndipo akudziwa kuti khasu likafika pamenepo ndiye kuti atha. Tonse tikudziwa, n'chifukwa chake akamatinyoza timangomwetulira. Unatsala ndiwe wekha."

Ndinalira, inde, pompo padengapo. Zaka khumi ndi chimodzi ndinasunga mkwiyo pa nkhani imene sinali yanga n'komwe. Koma nditatsika n'kulowa m'chipinda chija, n'kuonanso mng'alu utadutsa khala langa, misozi inauma yokha. Chisoni ndi chisoni, koma ana anga sakanafunda chisoni denga likamatsika.

Ndinayesa njira zonse zofatsa. Ndinawaphikira mpunga wa nyama ndi karoti pakati pa sabata. Anadya, anathokoza, basi. Ndinatuma a Gulandom. Anabwerako atauzidwa kuti asamale denga lawo. Ndinatsika mpaka ku positi kukaimbira Hikmat, iye n'kundiuza kuti bambo ndi mmisiri, amadziwa, usawavute. Amuna akakhala kutali chilichonse cha kunyumba chimaoneka cholimba. Uku nthawi ikutha. Paphiri la kumpoto kwa mudzi pali thanthwe lakuda, ndipo aliyense amadziwa kuti chipale chikatsika kufika pamenepo ndiye kuti kwatsala masabata awiri kuti chigwe m'mudzi. Lachiwiri m'mawa chinali chitafika. A Usto anatuluka, anayang'ana phiri, n'kuyamba kusefa dothi loti amatenso muyalo wina pamwamba pa zonse zija.

Apo ndiye ndinaphulika. Tsiku lokonza sandali linali lomwelo. M'malo moyala zofunda m'chipinda cha chisanu, ndinazisenza chimodzichimodzi, dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pabwalo kupita nazo kukhola la ng'ombe. Akazi a m'madenga onse anasiya zogwira. Ndinasesa ngodya ina, ndinayala mapesi, ndinaikapo mapilo a ana. A Usto anabwera sefa ili m'manja n'kundifunsa chapansipansi kuti ndikuchita chiyani, kodi ndikufuna kuwavula pagulu.

"Bambo, ine ndikudziwa zimene zili padengapo," ndinatero. "Koma mwini mapazi amenewo sakuzizidwanso. Mapazi ofuna denga ndi awa akuthamanga pabwalowa. Mukapanda kupala, adzukulu anu agona ndi ng'ombe mpaka Malichi."

Mtengwa salankhula choncho kwa apongozi ake. Ndinadziwa ndisanamalize n'komwe, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope yawo ndimachita manyazi. A Usto anaika sefa pansi bwinobwino ngati ingasweke, n'kulowa m'chipinda chawo. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake mkate wanga sanaukhudze. Ine ndinasamukiradi kukhola ndi ana, chifukwa mawu ukawalavula sungawamezenso, koma mumtima ndinali nditamanga kale katundu. Ndinkadziwa kuti Hikmat akamva, ulendo wa ku Panjakent ndi wanga.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndikukama ng'ombe ndinawaona akutuluka atavala mkanjo wawo wa Lachisanu. Anayenda khomo ndi khomo kulalika dima. Taganizani, munthu amene zaka makumi anayi ankatchula mayina a aulesi pachipata cha mzikiti, lero akukaitana aulesi omwewo kuti adzaone zimene waunjika pamutu pake. Ndinawayang'ana akutsika kanjira, msana uli wowongoka, ndipo ndinawakonda kuposa tsiku lina lililonse.

Kunabwera amuna khumi ndi anayi ndi makasu ndi madengu. Poyamba anali chete ngati pamaliro. Koma khasu loyamba litalowa n'kuonetsa kuchindikala kwa dothilo, woweta nkhosa wina dzina lake Safar, amene a Usto anamuyalutsapo kawiri, analephera kudzigwira. Anafunsa ngati Usto ankafuna kudzala mbatata pamwamba pano, kapena ankasungira boma dothi. Onse anaseka. A Usto anamuyankha kuti azikumba, pofunika kumata msanga ndi pakamwa pakepo. Zitatero ntchito inayenda.

Ine ndi akazi anzanga tinali pansi, kuphika ndi kulandira madengu, koma zonse tinkamva. Dothi linkachoka muyalo ndi muyalo, ndipo a Usto ankazindikira chaka chilichonse. Lodzaza mizu ya udzuli, ankatero, ndi la chaka cha nkhondo yapachiweniweni, mchere kunalibe. Lofiirali ndi la chaka chimene phiri linagumuka n'kukwirira pamene tinkakumba dothi, tinakatapa kutsidya. Amuna aja anayamba kukumbutsana, wakuti anali akadali moyo, wakuti anali asanapite ku Russia, wakuti ndi chaka chimene nkhandwe zinamutha nkhuku. Penapake Safar anatola timapepala ta maswiti titamatirira m'dothi n'kundiponyera pansi. Anali a tsiku la ukwati wanga, maswiti amene anandiwaza pamutu ndikulowa pachipata, ana n'kukadyera pafupi ndi dzenje lopondera dothi. Ndinatibisa m'thumba la diresi anthu asanayambe kundiseka.

Masana a tsiku lachiwiri la ntchitoyo, kutatsala pang'ono kufika pabango, a Usto anaimitsa makasu. Anawauza amuna onse kuti atsike akadye. Iwo anatsala okha pamwamba ndi chipande chawo chomatira ndi tsache. Tinkangomva kukanda kwa pang'onopang'ono. Palibe amene anayang'ana m'mwamba, aliyense maso m'mbale, ngakhale Safar. Patapita nthawi ndinamva akuitana.

"Kelin. Kwera ndi tiyi."

Ndinakwera ketulo ili m'manja. Anali atasesa phulusa lonse. Mapazi anali asanu ndi awiri, kuchoka pa makwerero kukafika pachumuni, aang'ono, zala zonse zikuoneka, lamanzere lopindikira mkati pang'ono. Unkachita kuona kuti munthuyo ankafulumira kuti tiyi asazizire. Ine ndinazungulira m'mphepete, ndinagwada pambali pawo, ndinathira m'kapu. Anailandira ndi manja awiri, maso ali pa mapazi aja.

"Tiyi uja sindinamwe," anatero. "Ndinali nditakwiya. Anazizirira pomwepa."

Wanga anamwa yense, pang'onopang'ono, n'kupempha wina. Atamaliza anaimirira n'kutenga khasu limene Safar anasiya. Ndinati nditembenuke ndisaone, koma iwo anati ndigwire dengu. Anayamba ndi phazi la pa makwerero, anamalizira la pachumuni. Dothi limenelo sanalole kuti litayidwe kumunda pamodzi ndi linzake. Analisenza okha, maulendo anayi, kukalithira m'dzenje lopondera, n'kuthirapo madzi kuti lilowe m'denga latsopano.

Mtanda wong'aluka uja atauchotsa unathyoka pawiri m'manja mwa amuna, mkati muli fumbi lokhalokha. Safar anauyang'ana, anayang'ana ana anga, nthabwala zinamuthera. Anthu anayamba kufunsana kumene tingapeze popula wouma nthawi ngati imeneyo, popeza wauwisi saika. A Usto anawatsogolera kuseri kwa khola n'kuchotsa mulu wa mapesi. Panali mtanda wosenda bwino, woyeza kale, wouma gwa. Unali umodzi mwa mitengo imene anadzala Hikmat atabadwa, ndipo anali ataudula zaka zisanu m'mbuyomo. Ankadziwa, abale, nthawi yonseyi ankadziwa.

M'mawa mwake dothi litanyowa bwino, anathira mapesi ndi mchere n'kuima m'mphepete mwa dzenje. Kuponda dothi la pakhomo inali ntchito ya a Rajabmo, ndipo chimwalirireni iwo a Usto ankaigwira okha. Anandiyang'ana kumapazi.

"Vula nsapato, Nazokat. Uziyamba ndi chidendene."

Dothi linali lozizira ngati madzi a mumtsinje, mapesi akubaya, koma ndinaponda mpaka miyendo inachita dzanzi, iwo akundikalipira kuti ndikuponda ngati nkhuku, mwana wa pansi pa malata. Denga linauma masiku asanu ndi limodzi, ndipo patangopita awiri chipale chinagwa. M'mamawa anandigogodera n'kundipatsa fosholo ya thabwa. Tinakwera awiri. Mudzi wonse unali mbuu, utsi ukukwera m'machumuni, padenga lililonse pali munthu akukankha, kupatsana moni ndi mafosholo. Zaka khumi ndi chimodzi ndinali ndisanauonepo mudzi wathu wa chisanu kuchokera pamenepo, ndipo ndinangoti kakasi. Fosholo yanga yoyamba ndinatayira kukhoma la a Gulandom, ndipo ndinatukwanidwa mbali zonse ziwiri.

Kuyambira pamenepo ankanditenga akamayenda m'madenga. Maso awo anachita ng'ala, koma mapazi sanakalambe. Anandiphunzitsa kumva pamene dothi lafufuma, pamene mbewa yadutsa pansi, pamene bango lawola. Poyamba anthu ankaseka kuti Usto wapeza wophunzira wovala mpango, kenako anayamba kundiitana ndekha. Pachipata cha mzikiti a Usto anasiya kutchula mayina. Munthu akazengereza kupala ankangomutengera pambali n'kumufunsa kuti pansipo wasungapo chiyani.

Denga lathu tinalipalanso kawiri iwo ali moyo, pa nthawi yake, popanda wowakumbutsa. Ulendo womalizawo anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi. Hikmat ndi mwana wathu Bahrom anawakweza pa makwerero ngati thumba la ufa, iwo akunyoza njira yonse. Anapempha kangodya kamodzi kuti asalaze okha. Anagwada, anasalaza, bwino ndithu, koma podzuka mawondo anawakana, n'kutsamira dzanja padothi lonyowa. Iwo sanaone. Chikhatho chonse chinatsala pamenepo, ndi kachala kopindika kaja kamene anathyoka ali mnyamata. Chipande chinali m'manja mwanga, kungopakapo kamodzi zikanatha. Ndinadikira kuti awatsitse, ndinapita kumbaula, ndinatapa phulusa.

A Usto anamwalira maapulikoti akuchita maluwa. Masiku ano madenga ambiri m'mudzi muno ndi a malata, ofiira, obiriwira, otsetsereka, chipale chimatsika chokha. Ndi abwino, sindikana, sadontha. Koma palibe angayanikepo tsabola, ndipo Seputembala akafika m'mwamba mumangoti zii, aliyense ali m'nyumba mwake. Ndimawasowa masiku aja, ndipo ndimamusowa mkulu uja ndi kunyoza kwake konse. Amene atsala ndi madenga a dothi amandiitanabe. Ndimavula nsapato patsinde pa makwerero, ndimayenda nditawerama, ndipo za zaka zisanu ndi ziwiri ndimawauza osamwetulira.

Lathu chaka chino ndi chakhumi lisanapalidwe. Bahrom, amene tsopano ali ndi ana ake awiri ogona pansi pa mtanda womwe uja, wayamba kukweza maso akamamwa tiyi. Ndimamuuza kuti mtandawo ndi wolimba, ndinaona ndi maso anga akuuika. Musandiuze, ndikudziwa. Ndani m'chigwa muno amadziwa kuposa ine? Dzulo chipale chafika pa thanthwe lakuda, ndipo m'mawa uno Bahrom wandipeza ndikusefa dothi, iye khasu lili paphewa. Ndamuuza kuti chaka chamawa.